Masana choko, usiku cholembera ndi nyimbo

Masana ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Chia, usiku ndimalemba nkhani zopeka. Kangachepe komwe ndimapata polemba ndimajambulitsira nyimbo za asodzi atatu oimba ndi magitala a zigubu. Anzanga amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndimawakumbutsa za Q Malewezi, yemwe adaphunzira zoimbaimba ku Liverpool, adaimba mu gulu la Real Elements, ndipo lero ndi mlakatuli wotchuka.

Chondiwawa n'chakuti nyimbo zathu zikangotuluka, anyamata oika nyimbo m'mafoni amazigulitsa pamsika, oimba osaonapo ndi tambala yomwe. Mwezi uno ndikawalembetsa ku Cosoma, bungwe loteteza umwini wa zaluso lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992. Ndikazengereza, asodziwa ataya magitala n'kubwerera ku maukonde.