Sewero la Oliver Twist Limene Linautsa Mkangano ku Mangalande

M'caka ca 1962, kuyambira mwezi wa Januwale kufikira pa 1 Epulo, a BBC ku Mangalande anaonetsa sewero la Oliver Twist pa wailesi ya kanema. Analigawa m'zigawo 13, cigawo cimodzi tsiku la Sabata liri lonse cakumadzulo, nthawi imene mabanja amakhala pamodzi kumwa tiyi, ana ali pomwepo. Masiku amenewo nyumba zoulutsa kanema m'dzikomo zinali ziwiri zokha, cotero oonerera anali ambiri ndithu.

Seweroli linacokera m'buku la Charles Dickens, limene linayamba kusindikizidwa pang'ono-pang'ono m'caka ca 1837, caka comwe Mfumukazi Victoria analowa ufumu. Likamba za mwana wamasiye wobadwira m'nyumba yosungiramo amphawi, amene analangidwa cifukwa copempha phala loonjezera, nathawira ku London, kumene anagwa m'manja a Fagin, nkhalamba yophunzitsa ana kuba za m'matumba a anthu. Umphawi Dickens anaudziwa yekha, pakuti ali ndi zaka 12 anagwira nchito m'fakitale ya polishi wa nsapato, atate wake ali m'ndende cifukwa ca ngongole.

Mkangano unabuka cakumapeto kwa seweroli, pamene mbala yankhanza Bill Sikes ipha cibwenzi cake Nancy cifukwa coulula za Oliver kwa anthu ofuna kumpulumutsa. Peter Vaughan ndiye anasewera Sikes, ndipo Carmel McSharry anasewera Nancy, ndipo kupha kuja kunaoneka koopsa kwambiri. Makolo ambiri anadandaula kwa a BBC kuti zotere siziyenera kuonetsedwa ana ali maso, nkhani inafika mpaka m'Nyumba ya Malamulo, aphungu nafunsa nduna za mlanduwo.

Koma tsono a BBC sanapeke imfa ya Nancy ai. Inali m'buku zaka zoposa 120, ndipo Dickens sanaibise konse: Sikes amenya mkaziyo ndi mfuti kumaso, namtsiriza ndi cibonga, iye atagwada, atakweza mpango woyera. Buku lomwelo makolo anali kulipatsa ana awo kuti awerenge. Nanga cinawapweteka nciani? Munthu powerenga, kapena pomvera sewero pa wailesi, amadzijambulira yekha zithunzi m'maganizo, ndipo amalekeza pamene mtima wake ufika. Mwana aona zocepa, wamkulu aona zambiri. Kanema alibe cifundo cotere. Aonetsa cithunzi cimodzimodzi kwa agogo ndi kwa mdzukulu, ndiponso m'nyumba mwao mwenimweni, kumene palibe wa pakhomo wobweza ana monga acitira ku bayisikopo. Pa mfundo ya nthawi makolo aja sanalakwe.

Ena anali atapeza kale njira yina. M'kanema wa mu 1948, David Lean sanaonetse kupha kwenikweniko. Anaonetsa garu wa Sikes akukanda citseko mwamantha kufuna kuthawa, ndipo ambiri amati pamenepo mpoopsa koposa mwazi.

Dickens mwini wake sakadadabwa ndi phokoso la mu 1962. M'caka ca 1869 anayamba kuwerenga cigawo ca imfa ya Nancy pamaso pa makamu a anthu, akusintha mau, apa kubangula ngati Sikes, apa kulira ngati Nancy. Akazi ena m'holo anakomoka. Anzake anamcenjeza kuti nchitoyo idzamthera mphamvu, koma iye anakana kuileka, kufikira madokotala anamletsa ulendo wake m'mwezi wa Epulo. Anawerenganso kangapo ku London kuciyambi kwa 1870, namwalira m'mwezi wa Juni caka comweco, ali ndi zaka 58.