Kusankha zida zotsitsira galimoto yaliwiro: phunziro la pa Celica ya achimwene

Mawu oyamba

M'magaraja ambiri amene ndalowamo, chitsulo chilichonse choima kuseri kwa tayala chimene chimaletsa galimoto kunjanja chimangotchedwa "shoko". Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi n'kuwadula, ndipo amatikwanira tikamakamba za minibasi. Koma munthu akafuna kutsitsa galimoto yaliwiro ya zitseko ziwiri kuti iyandikire pansi, mawu amodziwa amabisa zida ziwiri zosiyana, shoko ndi strut, ndiponso amaiwalitsa kuti zidazi zimagwira ntchito limodzi ndi sipuling'i. Ine ndidazindikira zimenezi pa tchuthi cha chaka chatha, achimwene anga atataya ndalama zawo pa Toyota Celica ya 2003 imene adaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. M'nkhani ino ndifotokoza ntchito ya zidazi, chimene galimoto imataya ikatsitsidwa, ndi zoyenera kuona posankha zida zatsopano.

Ntchito ya sipuling'i, shoko ndi strut

Chimene chimasenza kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i. Tayala likagunda mwala, sipuling'i imapanikizika kenaka n'kubwerera. Ikanakhala yokha, galimoto ikanapitiriza kunjanja ngati mwana pa matiresi. Apa ndi pamene pamabwera shoko. M'kati mwa shoko muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Pisitoni ikamayenda, oyilo amadutsa movutikira m'timabowomo, ndipo kuvutikako ndi kumene kumaziziritsa kunjanja kwa sipuling'i.

Strut nayo ili ndi shoko m'kati mwake, koma ili ndi ntchito ina yaikulu: ndi mzati woimika tayala. Kumunsi imamangidwa ku habu, kumtunda imamangidwa ku thupi la galimoto, ndipo ya kutsogolo imazungulira pamodzi ndi tayala dalaivala akapinda chiwongolero. Kapangidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kadafala ndi galimoto za Ford Consul ndi Zephyr za ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Celica ya mtundu wa achimwene, umene udapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2006, ili ndi ma strut kutsogolo, pamene kumbuyo tayala limaimikidwa ndi mikono yakeyake yachitsulo. Choncho munthu akasintha strut, wasinthanso kaimidwe ka tayala ndi kamvekedwe ka chiwongolero.

Chimene galimoto imataya ikatsitsidwa

Pakati pa pamene galimoto yaima ndi pamene strut imafika pamapeto pali mpata woti tayala liziyendamo chokwera. Kumapeto kwa mpatawu kuli kamphira kotchedwa bump stop, koteteza kuti zitsulo zisagundane. Kutsitsa galimoto ndi kudya mpata umenewu. Tiyerekeze kuti mpata udali mamilimita 80. Mukatsitsa ndi mamilimita 50, tayala latsala ndi 30 okha, pomwe maenje a pamsewu akadali omwe aja.

N'chifukwa chake sipuling'i yotsitsira imayenera kukhala yolimba kuposa yakale. Kulimba kwake kumalembedwa m'makilogalamu pa milimita. Sipuling'i ya makilogalamu 3 pa milimita ikasenza makilogalamu 300 imapanikizika mamilimita 100, pamene ya makilogalamu 5 pa milimita imapanikizika mamilimita 60 okha. Koma sipuling'i yolimba imabwereranso mwamphamvu, ndipo imafuna shoko yotha kuigwira. Shoko ya kufakitale idapangidwira sipuling'i ya kufakitale.

Apa ndi pamene achimwene adalakwira. Adagula masipuling'i aafupi kwa munthu wina amene sadathe n'kunena komwe kuti adapangidwira galimoto yanji, nawaveka pa ma strut akale amene adabwera ndi galimoto ku Japan. Celica idatsika pafupifupi mamilimita 50 ndipo anyamata a m'dera lathu ankaima kuiyang'ana. Chidali chikomekome cha mkuyu. Pasanathe miyezi itatu, strut ya kumanzere idayamba kuchucha oyilo, kutsogolo kunkamveka "gu! gu!" pa hampu iliyonse, ndipo matayala adatha m'mbali ya m'kati. Tsiku lina kukugwa mvula tikuchokera ku Zomba, achimwene adaponda buleki pamalo a mabampu. Galimoto idanjanja, matayala osagwira bwino phula, ndipo tidaima titatsala pang'ono kugunda lole imene idali patsogolo. Madzulo omwewo ndidawauza kuti, "Achimwene, ine m'galimoto muno sindikweranso mpaka mukaionetse." Sabata yotsatira tidapita kwa makaniko wina wachikulire, ine ntchito yanga ili younikira tochi ndi kulemba zimene ankanena.

Njira zitatu zotsitsira

Njira yoyamba ndi yodula sipuling'i kapena kuiwotcha ndi moto kuti ifupike. Imeneyi ndi yotsika mtengo, koma ndi yoipa kuposa zonse. Moto umafooketsa chitsulo, ndipo sipuling'i yodulidwa sikhala bwino pa mpando wake. Tayala likalendewera, monga galimoto ikadumpha, sipuling'i yotere ikhoza kuchoka m'malo.

Njira yachiwiri ndi yogula masipuling'i opangidwira kutsitsa galimoto ya mtundu wanuwo, pamodzi ndi ma strut ndi mashoko ogwirizana nawo. Makampani monga Eibach ndi H&R a ku Germany komanso Tein ya ku Japan amapanga masipuling'i otere, ndipo amalemba mamilimita amene galimoto idzatsike. Kumbali ya mashoko, Bilstein imasiyanitsa poyera: mtundu wa B6 ndi wa galimoto imene sidatsitsidwe, pamene wa B8 ndi wofupikitsidwa kuti uziyenda ndi sipuling'i yaifupi. Kufupikako kumathandiza kuti sipuling'i ikhale yopanikizika ndithu ngakhale tayala litalendewera. Koni ya ku Netherlands ili ndi mtundu wa Sport umene munthu amatha kuulimbitsa kapena kuufewetsa. Chofunika apa ndi kufunsa wogulitsa funso limodzi musanapereke ndalama: kodi strut imeneyi idapangidwira kutsika kwa mamilimita angati?

Njira yachitatu ndi ya ma coilover. Awa ndi sipuling'i ndi shoko zopangidwira pamodzi, zokhala ndi mazinga pathupi kuti mwini azikweza kapena kutsitsa galimoto mmene wafunira. Alipo a mitundu iwiri. Ena amatsitsa galimoto potsitsa mpando wa sipuling'i, ndipo pamenepo mpata wa pisitoni umachepa. Ena amafupikitsa thupi lonse la strut chakumunsi, mpata wa pisitoni n'kukhala womwewo. Ma coilover ambiri ali ndi masipuling'i olimba kwambiri chifukwa adapangidwira misewu yosalala ndi mabwalo a mipikisano. Fumbi ndi matope zikalowa m'mazinga aja, amauma osathekanso kupotokola, choncho amafuna kutsukidwa kawirikawiri. Makaniko uja adati kwa achimwene, "Bwana, mukagula amenewa muyambe mwaganiza kuti akadzatha mudzawakonzetsa kuti." Achimwene adasankha njira yachiwiri.

Nambala ya chasisi

Dzina la galimoto palokha silikwanira poitanitsa zida. Celica ya zaka zimenezi ili ndi mitundu iwiri, ZZT230 ndi ZZT231, ndipo zilembozi zimapezeka pa kachitsulo ka nambala ya chasisi. Kuwonjezera apo, ku Japan ma ZZT231 ena adagulitsidwa ndi kapangidwe kena ka kutsogolo kotchedwa Super Strut, kamene kali ndi mikono ndi mfundo zosiyana ndi za MacPherson wamba. Strut wamba silowa pa galimoto yotere. Popeza galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan, pomwe zida timaziitanitsa ku South Africa, ku Dubai kapena kwina, munthu akhoza kudikira katundu mwezi wathunthu n'kupeza kuti mabawuti sakukumana. Ife tidayamba tavula tayala, kujambula strut yakale ndi foni, ndi kutumiza chithunzicho pamodzi ndi nambala ya chasisi kwa wogulitsa.

Tizida ting'onoting'ono toiwalika

Ma strut amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi, chifukwa yatsopano ndi yakale sizigwira mofanana. Pamwamba pa strut pali mpando wa mphira wokhala ndi bering'i. Ukatha, chiwongolero chimalira popinda, ndipo kuusintha pambuyo pake kumafuna kumasulanso zonse. Bump stop iyenera kukhala yogwirizana ndi msinkhu watsopano, apo ayi galimoto imangokhalira pa mphira. Chikwama choteteza ndodo ya pisitoni ku fumbi chikang'ambika, mchenga umakanda ndodoyo ndipo oyilo amayamba kuchucha. Muonenso mabushi a mikono ndi timikono tolumikiza strut ku chitsulo choletsa galimoto kupendekeka.

Pomanga pali zinthu ziwiri zimene ndidaona makaniko akusamala. Choyamba, sadamasule nati ya pamwamba asanapane sipuling'i ndi chipangizo chake, pakuti sipuling'i yopanikizika ikafwamphuka imatha kuthyola munthu dzanja kapena nsagwada. Chachiwiri, mabawuti a m'mabushi adawalimbitsa galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pa jeke. Mukawalimbitsa tayala likulendewera, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo sichedwa kung'ambika.

Kaimidwe ka matayala

Galimoto ikatsika, matayala amapendekera m'kati chakumtunda, ndipo kumene aloza kumasinthanso pang'ono. Kupendekera kochepa kumathandiza pokhota, koma kuloza molakwika kumadya tayala msanga. Choncho alayimenti ndi gawo la mtengo wotsitsira galimoto, ndipo imachitika masipuling'i atakhazikika, patapita masiku angapo galimoto ikuyenda. Ngati kupendekera kwanyanya, pali mabawuti apadera a pa strut obwezera tayala m'malo.

Palinso malire amene alayimenti singakonze. Mkono wa m'munsi wa kutsogolo umayenera kukhala chogona kapena kutsetserekera pang'ono kutayala. Mukatsitsa kwambiri, mkonowo umayamba kuloza kumwamba chakutayala. Zikatero galimoto imafuna kupendekeka kwambiri pokhota, ndipo chiwongolero chimatha kugwedezeka chokha tayala likagunda bampu. Mwini amakhala atalipira ndalama kuti galimoto yake iziyenda moipa kuposa kale.

Mawu omaliza

Tisanaitanitse kanthu, makaniko adatituma ndi tepi. Tidayeza kuchokera pakati pa rimu mpaka pa mlomo wa madigadi pa matayala onse anayi, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Tidayeza kuchokera pansi mpaka pa sampu ndi pa ekizozi, muli anthu awiri m'kati. Tidayezanso hampu ya pafupi ndi sukulu ya kwathu ndi chitunda cha pa geti, chifukwa amenewo ndiwo malo amene Celica imadutsa tsiku ndi tsiku. Manambala adationetsa kuti mamilimita 30 ndiwo malire athu.

Achimwene adagula masipuling'i otsitsa mamilimita 30, ma strut awiri a kutsogolo, mashoko awiri a kumbuyo, mipando ya pamwamba, ma bump stop ndi matayala awiri olowa m'malo mwa otha aja. Akadayamba ndi kuyeza, ndalama za matayala ndi za masipuling'i oyamba zikadatsala m'thumba. Lero galimotoyo ndi yokwererako kusiyana ndi mmene idalili poyamba paja, ndipo anyamata ena amati achimwene adachita mantha. Ine ndimakweramo, ndipo pa hampu ya pasukulu timadutsa osamva kugunda. Amene akufuna kutsitsa galimoto yake ayambe wayeza msewu wake ndi mpata wa tayala, asankhe sipuling'i ndi strut ngati chinthu chimodzi, ndipo akafika kwa wogulitsa asangoti "ndikufuna mashoko", koma atchule chida, nambala ya chasisi ndi mamilimita.