Kanema wa phunziro ndi aphunzitsi ophunzira ali kutali ku Domasi

M'dera la Mfumu Malemia, m'chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, muli sukulu ya Domasi College of Education, yomwe kuyambira mu 1993 yakhala ikusula aphunzitsi a kusekondale, ndipo mbiri yake imaunikira bwino nkhani yophunzitsa ndi makanema ojambuliratu, omwe ndi maphunziro amene mphunzitsi amajambula pa kamera n'kuwaika pa intaneti kuti wophunzira aonere pa nthawi yake. Boma litasandutsa malo ophunzirira mwa makalata kukhala sukulu za sekondale zoyendera mu 1998, ambiri mwa amene ankaphunzitsa m'sukuluzi anali osulidwira ntchito ya kupulaimale, choncho cha m'ma 2000, mothandizidwa ndi dziko la Canada, Domasi inayamba kuwaphunzitsa ali pa ntchito. Iwo ankalandira mamodulo, omwe ndi mabuku olembedwa kuti munthu aziwerenga payekha, ndipo pa holide ankasonkhana kukoleji kuti akumane ndi aphunzitsi awo maso ndi maso.

Wophunzira wotereyu ndiye amene kanema wojambuliratu angamupindulire koposa. Masana amakhala ali m'kalasi ndi choko m'manja, ndipo mpata wowerenga amaupeza usiku atatha kuchonga makope, foni atayitsamiritsa pa mulu wa makope omwewo. Phunziro lochitika pompopompo pa intaneti limafuna kuti netiweki ndi magetsi zikhalepo pa ola lenilenilo, zomwe kumidzi yambiri n'zosadalirika, pamene kanema wojambuliratu amatengedwa kamodzi pamalo pogwira netiweki, n'kusungidwa mu foni kapena pa memore khadi, kenako n'kupatsirana ndi anzake kudzera pa Bluetooth popanda kugulanso bandulo. Phindu lina, lomwe modulo silingapereke, ndi lakuti wophunzira amaona ndi maso momwe samu ikuyendera mzere ndi mzere, kapena momwe mankhwala akusinthira mtundu mu labotale, ndipo pamene sanamvetse amaimitsa n'kubwereza osachita manyazi. Kwa mphunzitsi wa sayansi amene sukulu yake ilibe labotale, ichi si chinthu chaching'ono.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, makoleji ndi mayunivesite ena m'dziko muno anayesa kuphunzitsa pa intaneti, ndipo zinaonekeratu kuti mtengo wa bandulo ya Airtel kapena TNM unali wokwanira kusiya ophunzira ena m'mbuyo. Ichi n'chifukwa chake kajambulidwe ndi nkhani yaikulu. Kuimika kamera kumbuyo kwa holo n'kujambula ola lathunthu kumatulutsa kanema wolemera, wosamveka bwino mawu, yemwe zolemba za pabolodi sizioneka pa kagalasi ka foni, ndipo wophunzira amene anatchajitsa foniyo mwa ndalama pamsika amatha batire asanafike pakati. Choyenera ndi tizidutswa ta mphindi zochepa, kalikonse kofotokoza mfundo imodzi yovuta ndi kolumikizidwa ku tsamba lodziwika la modulo.

Komabe kanema samva funso, sazindikira nkhope ya wophunzira amene wasokonezeka, ndipo sangakhale pansi kumbuyo kwa kalasi kuona ngati wosulidwayo akutha kuphunzitsa ana, kotero kuti kungakhale kulakwitsa kwakukulu kuthetsa misonkhano ya pa holide pofuna kupulumutsa ndalama za chakudya ndi malo ogona. Palinso vuto la kukalamba kwa zojambulidwa, pakuti bungwe la Malawi Institute of Education, lomwe limakonza masilabasi ndipo lili ku Domasi komweko, likasintha zoyenera kuphunzitsidwa, kanema wakale amapitirirabe kuyenda m'mafoni ngati kuti palibe chasintha. Motero koleji iliyonse yotenga njirayi iyenera kulemba chaka pa kanema aliyense ndi kupatula nthawi, zipangizo ndi malipiro oti aphunzitsi ake azijambulanso silabasi ikasintha.