Digiri ya ku Brazil imayambira pa ‘bom dia’

Tsiku limene kalata yoitana mwana kukachita kafukufuku payunivesite ya kunja yafika, pakhomo pamakhala chisangalalo. Nkhuku imafa, azakhali amaliza nthungululu ndipo anansi amabwera kudzapereka mafuno abwino. Koma paja walira mvula walira matope. Ngati kalatayo yachokera ku Brazil, mwanayo akupita kudziko la anthu oposa 200 miliyoni komwe Chingerezi chimene wakhala akuchivutikira kuyambira kupulaimale sichingamuthandize kwenikweni pogula buledi kapena pofunsa njira. Kumeneko nkhani ndi Chipwitikizi.

Mmodzi mwa mizinda yomwe imalandira ochita kafukufuku wa zaulimi ndi Viçosa, m’chigawo cha Minas Gerais, pafupifupi makilomita 230 kuchokera mumzinda waukulu wa Belo Horizonte. Yunivesite ya kumeneko idayamba m’chaka cha 1926 ngati sukulu ya zaulimi ndi ziweto. Wochokera kuno amauluka kudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg mpaka ku São Paulo, kenaka n’kutsiriza ulendo pabasi.

Mayeso oyamba amamupeza asadakhale n’komwe m’kalasi. Pasadathe masiku 90 chifikireni, mlendo ayenera kukalembetsa kupolisi yoona zolowa ndi kutuluka, Polícia Federal, kuti apatsidwe chiphaso. Ayeneranso kukhala ndi nambala ya msonkho yotchedwa CPF, yomwe imafunidwa potsegula akaunti kubanki, pochita lendi ngakhalenso pogula nambala ya foni. Mafomu onse ali m’Chipwitikizi, ndipo wantchito wapakauntala amalankhula mothamanga ngati akuyankha mnzake wobadwira komweko.

Ngakhale chitseko chimanyenga. Pazitseko zambiri pamalembedwa kuti “puxe”, ndipo wozolowera Chingerezi amaganiza kuti akumuuza kukankha, chonsecho tanthauzo lake n’lakuti koka. Ambiri amayamba alimbana nacho chitsekocho anthu akuwayang’ana.

Komabe Chipwitikizi sichachilendo kwenikweni m’makutu mwa Mmalawi. Mawu monga nsapato, zenera, mbatata, chipewa ndi kapitawo adachokera ku sapato, janela, batata, chapéu ndi capitão. Amene adakulira m’malire ku Dedza, Ntcheu, Mwanza kapena Mulanje adamvako “bom dia” ndi “obrigado” kwa abale a ku Mozambique pamsika. Vuto n’lakuti Chipwitikizi cha ku Brazil chili ndi kamvekedwe kake ndi mawu akeake. Basi yomwe ku Maputo amati machimbombo, ku Brazil ndi ônibus. Chakudya cham’mawa chomwe ku Mozambique amati matabicho, kumeneko ndi café da manhã.

Ku Minas Gerais zimaposa apo. Anthu a kumeneko amameza mapeto a mawu, ndipo liwu lakuti “trem”, lomwe m’buku limatanthauza sitima ya pamtunda, iwo amaligwiritsa ntchito ponena chinthu chilichonse, kaya khasu, kaya mankhwala. Wophunzira amene akudalira buku lokha amatha kumayang’ana njanji pomwe mlimi akumupempha ndowa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mabuku ambiri a sayansi amalembedwa m’Chingerezi, koma aphunzitsi amaphunzitsa m’Chipwitikizi, zokambirana za m’labotale zimachitika m’Chipwitikizi, ndipo mlimi wakumudzi amene wochita kafukufuku akufuna kumufunsa za chimanga kapena nyemba zake sadziwa chilankhulo china. Wosamva bwino funso la mphunzitsi kapena yankho la mlimi amalemba zolakwika, ndipo ntchito ya miyezi ingapo imatha kupita m’madzi.

Mapologalamu ena a maphunziro amafunanso chiphaso cha Celpe-Bras, mayeso a boma la Brazil oyesa Chipwitikizi cha alendo omwe adayamba kulembedwa mu 1998. Muli gawo lolemba la maola atatu ndi gawo lokambirana pamaso ndi woyesa kwa mphindi 20. Mayesowa safuna kuloweza malamulo a chilankhulo. Amafuna kuona ngati munthu angamve nkhani, kuiyankha ndi kulemba kalata yomveka.

N’chifukwa chake kalasi yeniyeni imakhala kunja kwa kalasi. Ophunzira ambiri amakhala m’nyumba zogawana lendi zotchedwa república, ndipo mlendo amene wasankha kukhala ndi eni dziko amakakamizika kukambirana za magetsi, zotsuka mbale ndi mpira tsiku ndi tsiku. Amene amangodzitsekera m’chipinda kapena kumangoyenda ndi olankhula Chingerezi okhaokha, chaka chimatha lilime lidakali lolemera. Akulu adati safunsa adadya phula. Wolakwitsa mawu pagulu amasekedwa kamodzi, koma mawa lake salakwitsanso.

Malo ena ophunzirira ndi kantini ya payunivesite, komwe ophunzira amadya motchipa. Mpunga ndi nyemba sizisowa pambale tsiku lililonse. Mmalawi wolakalaka nsima amapeza mpumulo ku Minas Gerais chifukwa kumeneko amaphika angu, chakudya cha ufa wachimanga chachikasu chofewerapo kuposa nsima, ndipo amakonda kudyera nkhuku yophika ndi therere. Chinangwa chiliko chambiri. Nyengo nayo siyosiyana kwambiri ndi ya kuno: mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo Juni ndi Julayi kumazizira.

Abale otsala kumudzi nawo ali ndi mbali yawo. Nthawi ya ku Viçosa imatsalira ndi maola asanu poyerekeza ndi ya kuno, choncho foni ya 7 koloko m’mawa imamudzutsa mwanayo 2 koloko usiku. Pankhani ya ndalama, mu 2023 boma la Brazil lidakweza thandizo la ophunzira a digiri yachiwiri kufika pa 2,100 reais pamwezi, ndipo la omwe akuchita digiri ya udokotala lidafika pa 3,100 reais. Ukaisintha kukhala makwacha imaoneka yambiri, koma m’menemo ndi momwe muchoke lendi, chakudya, mayendedwe ndi mabuku. Banja lomwe layamba kutumiza mndandanda wa feteleza ndi malata m’mwezi woyamba limamuwonjezera mwana katundu pamene mutu wake uli kale pa chilankhulo.

Chomwe mwanayo amasowa kwambiri m’miyezi yoyambirira ndi mawu akwawo. Apwitikizi ali ndi liwu lakuti “saudade”, lomwe n’lofanana ndi kupukwa kwathu kuno. Ndi limodzi mwa mawu omwe wophunzira wachilendo safuna mphunzitsi kuti alimve. Uthenga wa amayi wofunsa kuti “wadya chiyani lero mwanawe?” umamupatsa mphamvu zodzuka m’mawa, kukwera basi ndi kupereka moni kwa kondakitala m’chilankhulo cha eni.