Mwera Ukamaomba: Moyo wa Opuma Ntchito ku Nkhotakota

Mwezi wa Ogasiti ku Nkhotakota chisanu chimakhala chikutsazika, koma mwera usanagonje. Ukalusa, nyanja imachita thovu, mabwato n'kugona pamchenga masiku awiri kapena atatu. Mpunga amakhala atakolola kale, mvula ikadali kutali. Nyengo imeneyi ndi imene imaonetsa bwino makhalidwe a akuluakulu amene adapuma ntchito n'kubwerera kwawo: aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki a boma amene adakwanitsa zaka 60, komanso ena amene adakalambira m'minda ya nzimbe ku Dwangwa.

Mwambo woyamba ndi kukaonekera. Wobwera samangotsitsa katundu n'kutseka chitseko. Mwini mbumba amamuperekeza kwa nyakwawa, kangachepe kali m'manja, kukanena kuti: "Mfumu, mwana wanu uja wabwera, ndipo wabwera kudzakhala." Apa ndi pamene malo omangapo nyumba ndi munda wa chinangwa zimatsimikizika pamaso pa anthu, kuopa mikangano m'tsogolo.

Tsiku limayambira padoko. Mkulu wopuma ntchito amavala jekete lake lakale lakuntchito n'kutsetserekera kunyanja kusanache, kukadikira asodzi a chilimira amene achezera ndi nyali usiku wonse kusaka usipa. Moni wake ndi wofunsa za nyanja: "Mwayendako bwanji, ana anga?" Iwo amayankha mwaulemu: "Tayendako, agogo, koma mwera watibweza." Pano lamulo lakale likadalipo lakuti wogwira nawo chingwe cha khoka sapita chimanjamanja, ndipo nkhalamba imene mphamvu zidatha amaitapirako ndiwo. Nayo imabweza m'njira yake: kuwerengera anyamata ndalama pogawana, kuwalembera kalata, ngakhale kuwabwereketsa ya mafuta a injini penshoni ikatuluka.

Kunyumba mayi amakhala akuvuula chinangwa chimene adaviika masiku angapo, n'kuchiyanika pathandala kuti apeze ufa wa kondowole. Amene adazolowera ufa woyera wa m'tauni amayambiranso kudya kondowole ndi chigwada kapena utaka wowamba, ndipo mlendo akafika amamuphikira mpunga wa faya. Dzuwa likapendeka abambo amasonkhana pansi pa mtengo wa mango, umene nthawiyi umakhala uli mbuu ndi maluwa, kusewera bawo wailesi ikulira pambali.

Pabawopo Msilamu ndi Mkhristu amakhala mphasa imodzi, chifukwa mbiri ya dera lino idawaluka pamodzi. Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo David Livingstone adakambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo pansi pa mkuyu m'zaka za m'ma 1860. Amishoni a Anglican adatsegula mishoni yawo m'chaka cha 1894. Lero wina amadzuka pabawo Lachisanu kupita kumzikiti, mnzake Lamulungu kupita ku tchalitchi cha All Saints, koma Lolemba masewera amapitirira pomwe adalekezera.

Ogasiti ndi mwezi wa zochitika. Sukulu zikatseka, anyamata a m'mabanja a Chisilamu amapita ku jando, atsikana amalangizidwa ndi anamkungwi, mabanja amamanga ziliza ndi kuchita sadaka, maukwati amachuluka, magulu a malipenga n'kumayenderana. Ponseponse wopuma ntchito amafunika. Amakhala nkhoswe, amasunga kaundula wa chipepeso, amaitanidwa kubwalo kuthandiza mfumu kuunika mlandu wa malire. Mayi amene adali namwino amagogoderedwa usiku mwana akatentha thupi, ndipo ndiye amalamula kuti athamangire kuchipatala.

Komatu ulemu umenewu sabwera nawo m'sutikesi. Amene sankaoneka pamaliro pamene anali m'tauni, sankatumiza ngakhale sopo kwa amalume, amapeza khonde lake lili zii, nyumba ya malata ili apo. Akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo mudzi umakumbukira. Amene ankabwerabwera, akafika amapeza mpando wake ulipo kale.

Seputembala akamayandikira mwera umachepa mphamvu, kutentha n'kuyamba, mabwato n'kubwerera panyanja usiku ndi usiku. Tsiku lina mkulu uja akapanda kuoneka padoko, msodzi amatuma mwana ndi kambale ka usipa kukafunsa ngati agogo adzuka bwino. Kambale kameneka ndiye penshoni imene mudzi umapereka, ndipo munthu amayamba kuisonkhera akadali pantchito.