DZINA LOKHA SILIMANGA MSEU

M'dziko la America muli mizinda iwiri ikuluikulu, Phoenix m'chigawo cha Arizona ndi Las Vegas m'chigawo cha Nevada, imene yatalikirana mailosi pafupifupi 300. Uliwonse wa mizindayi, pamodzi ndi madera ouzungulira, uli ndi anthu oposa mamiliyoni awiri, komabe palibe mseu wa mtundu wa Interstate wolumikiza mizindayi mwachindunji. Woyenda ulendowu amadalira mseu wakale wa US 93, umene umachokera ku Wickenburg kudzera ku Wikieup ndi ku Kingman.

M'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inavomereza kuti njira imeneyi idzatchedwe Interstate 11. M'chaka cha 2015 lamulo lina linaitalikitsa kuti iyambire ku Nogales, pa malire ndi dziko la Mexico, kukafika kumpoto kwa Nevada, cha ku Reno. Amalonda ndi atsogoleri a m'zigawo ziwirizi anakondwa kwambiri. Ife tikuona kuti chikondwerero chotere chiyenera kukhala ndi malire, pakuti malamulo awiriwa anapereka dzina koma sanapatule ndalama zomangira mseuwo.

Tiyenera kumvetsa kuti dzina lakuti Interstate lili ndi zofuna zake. Mseu wotere uyenera kukhala ndi njira zosachepera ziwiri mbali iliyonse, zolekanitsidwa pakati, kuti galimoto zopita ndi zobwera zisakumane. Mseu wina uliwonse wopingasa uyenera kudzera pamwamba kapena pansi pake, ndipo galimoto zimalowa ndi kutuluka pa malo okonzedwa okha. Pamene Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo la miseu imeneyi m'chaka cha 1956, Boma lalikulu linalonjeza mailosi 41,000 ndiponso linalipira madola 90 pa madola 100 aliwonse. Interstate 11 inabadwa nthawi imeneyo itapita kale. Chigawo chilichonse chiyenera kudzifunira ndalama pang'onopang'ono, popikisana ndi zosowa zina.

Ntchito yooneka ndi maso ilipo ndithu. M'chaka cha 2010 anatsegula mlatho waukulu pa mtsinje wa Colorado, motero galimoto zinaleka kudzera pamwamba pa damu la Hoover. M'chaka cha 2018 chigawo cha Nevada chinatsegula mailosi 15 a mseu watsopano wolambalala tauni ya Boulder City, umene unadya madola pafupifupi 318 miliyoni. Taganizani, ngati mailosi 15 anadya chuma chotere, nanga njira yonse kuchokera ku Mexico mpaka ku Reno idzadya zingati? Ku Arizona, kumene kuli gawo lalikulu la ulendo wa pakati pa mizinda iwiriyi, Boma lakhala likukuza US 93 chidutswachidutswa, ndipo m'chaka cha 2024 linayamba kumanga mphambano yatsopano ku Kingman kuti malole ochokera pa Interstate 40 asamaime pa maloboti a m'tauni. Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene zamangidwazi ndizo anthu angaziwerengere; zotsalazo zikadali mizere pa mapu.

Palinso mbali ina imene okonda dzina latsopanoli sakonda kuitchula. Mseu wothamanga suima pakhomo pa munthu. Anthu a ku Seligman, kum'mawa kwa Kingman, anaona zimenezi m'chaka cha 1978 pamene Interstate 40 inalambalala tauni yawo. Galimoto zimene zinkadzaza mseu wakale wa Route 66 zinasowa, ndipo ogulitsa mafuta, zakudya ndi malo ogona anataya makasitomala awo. Kamudzi ngati Wikieup, kamene kamadalira apaulendo a pa US 93, kali ndi chifukwa chofunsira kuti potulukira padzakhala pati. Walira mvula walira matope.

Kumwera nkhani ndi yovuta koposa, chifukwa kumeneko sikukuza mseu wakale ayi, koma kulambula watsopano. M'chaka cha 2021 akuluakulu oyang'anira miseu anavomereza mpata wa mailosi pafupifupi 280 kuchokera ku Nogales mpaka ku Wickenburg. Imodzi mwa njira zimene anazisiya kuti ziganiziridwe ndi yodzera m'chigwa cha Avra, kumadzulo kwa mzinda wa Tucson, pafupi ndi malo otetezedwa a Saguaro. M'chaka cha 2022 mabungwe oteteza chilengedwe anakasuma ku khothi, ponena kuti mseu wotere udzadula njira za nyama za m'chipululu ndi kuononga malo amene sangabwezeretsedwe.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa. Chofunika choyamba ndi moyo wa anthu amene akuyenda pa US 93 tsiku ndi tsiku. Pamene mseu uli ndi njira imodzi yokha mbali iliyonse, woyendetsa galimoto yaing'ono amatopa kutsatira lole, nayesa kuipitirira, ndipo ngozi zogundana maso ndi maso zimachitika pamenepo. Ndalama iliyonse imene yapezeka iyambe yamaliza kukuza malo otere ndi kukonza mphambano zoopsa pakati pa Wickenburg ndi malire a Nevada. Kachiwiri, anthu a m'matauni ang'onoang'ono afunsidwe mapulani asanatsekedwe, kuti potulukira paikidwe pamene malonda awo angapulumuke. Kachitatu, mseu watsopano wa m'chipululu udikire kufikira zitatsimikizika kuti kukuza miseu imene ilipo kale, ya Interstate 10 ndi Interstate 19, sikungakwanire.

Chikwangwani cha Interstate 11 chingakhomedwe tsiku limodzi, koma chiyenera kukhala chomalizira, ntchito yonse itatha. Atsogoleri a zigawo ziwirizi adzayesedwa ndi mailosi amene akonza ndiponso ngozi zimene achepetsa pa njira imeneyi.