Mwana wa Kumudzi Apeza Abale pa Yunivesiti

Mwana akacoka ku Katete kapena ku Petauke kukayamba maphunziro pa Yunivesiti ya Zambia mu Lusaka, cimene cimamsautsa m'miyezi yoyamba si mabuku ai, koma kusungulumwa. Mnzace wa m'cipinda alankhula Cibemba kapena Cilozi, ndipo palibe womfunsa ngati wadya.

Ambiri amapulumukira m'magulu a ophunzira: ena kwaya ya mpingo wao, ena timu ya mpira. Gulu limene linachuka kwambiri ndi la masewero. Kuyambira mu 1969, ophunzira pamodzi ndi mphunzitsi wao, Bambo Michael Etherton, anadzimangira bwalo lopanda denga, nalicha Chikwakwa, dzina la cida comwetera udzu. M'zaka za m'ma 1970 anali kuyendera zigawo, nacita masewero m'zinenero za eni dera. Pamenepo mwana wamanyazi uja, amene Cingerezi cinali kumlemera pakamwa, anasanduka wofunika, pakuti ndiye anali kudziwa nthano, nyimbo ndi kaimbidwe ka ng'oma.

Makolo ena adandaula kuti magulu amadya nthawi yowerenga. N'zoona kwa mwana wosadziletsa. Koma malungo akamgwira pakati pa usiku, womperekeza ku cipatala kawirikawiri ndi mnzace wa m'gulu.